Mukufuna kuchepetsa thupi? Onani kaye kumene ndalama za pamwezi zikupita

Mwezi ukatha, ndalama imalowa m'thumba ili kale ndi eni ake. Lendi ikudikira, ufa watha, mwana akufuna kope, magetsi a Credelec atsala pang'ono kuzima. Ndiye pamabweranso nkhani ina: anamwino akuuzani kuti thupi lanu lakula kwambiri, muyenera kulichepetsa. Mwinanso mwaona nokha kuti mukakwera kamtunda mumapuma mwawefuwefu, mawondo amawawa, ndipo zovala za chaka chatha sizikukukwanani. Funso limabwera msanga: kodi zimenezi zidya ndalama zingati?

Ogulitsa ali nalo kale yankho lawo. Akuonetsani tiyi wochepetsa mimba, mapiritsi, ufa wosungunula m'madzi ndi lamba womanga pamimba. Zonsezi n'zodula. Koma zoona zake n'zakuti kuchepetsa thupi sikufuna ndalama zambiri zatsopano. Kumafuna kuti musamutse ndalama zomwe mukugwiritsa kale ntchito, muzichotse pa zinthu zonenepetsa n'kuziika pa zinthu zomanga thanzi. Tiyeni tione mmene mungachitire.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika

Kwathu kuno munthu akanenepa timamuyamikira. Timati, "Zikukuyenderani, a bambo," kapena "Akukusungani bwino, mayi." Munthu akaonda, anthu amayamba kunong'ona kuti akudwala. N'chifukwa chake ambiri amaopa kuchepetsa thupi ngakhale likuwalemera.

Komatu mafuta ochuluka m'thupi, makamaka a pamimba, amabweretsa matenda. Amatsegula khomo la matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi komwe ambiri amati tensão, matenda a mtima ndi kufa kwa ziwalo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la OMS, linanena kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse padziko anali wonenepa mopitirira muyezo. Kuno ku Mozambique, kafukufuku wa m'zaka za 2014 ndi 2015 anapeza kuti pafupifupi anthu 4 mwa 10 aliwonse azaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Matenda amenewa sachoka ngati malungo. Akabwera amakhala. Amadya ndalama za ulendo wa kuchipatala mwezi ndi mwezi, amadya masiku a ntchito, ndipo munthu akafa ziwalo, wina m'banjamo amasiya munda kapena geni kuti azimusamalira. Choncho ndalama yomwe mwaiyendetsa bwino lero ikuteteza banja lonse mawa.

Yambani ndi chingwe, osati ndi ndalama

Musanagule chilichonse, dziwani kaye ngati mukufunikadi kuchepetsa thupi. Pali njira yosafuna ngakhale metikali imodzi.

Tengani chingwe. Imani chilili opanda nsapato, ndipo wina akuthandizeni kuyeza chingwecho kuyambira pansi mpaka pamwamba pa mutu wanu. Dulani pamenepo. Kenako chipindeni pakati kuti chikhale theka. Chizungulizeni m'chiuno, chapamwamba pang'ono pa mchombo, musakoke mimba. Ngati nsonga zake zakumana, muli bwino. Ngati sizikukumana, ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: chiuno chisapose theka la msinkhu wanu.

Sungani chingwecho. Chidzakuuzani mwezi ndi mwezi ngati zinthu zikusintha.

Ndalama yoyamba ipite kuchipatala

Pa bajeti yanu, mzere woyamba ukhale ulendo wa ku chipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi. Ndalama yolipira kumeneko ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa paketi imodzi ya tiyi wochepetsa thupi. Pemphani kuti akukwezeni pa sikelo, akuyezeni msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi. Funsaninso ngati angakuyezeni shuga. Uzani anamwino akulembereni manambalawo pa pepala, ndipo inu mukawakopere m'kope lanu. Ndi ufulu wanu kudziwa zomwe apeza m'thupi mwanu.

Pali anthu ena omwe sayenera kuyamba kuchepetsa thupi paokha. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa afunse kaye kusikelo. Munthu amene akumwa mankhwala a shuga afunse kaye adokotala, chifukwa akachepetsa chakudya mwadzidzidzi, shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Anthu ena omwe amamwa ma ARV amaona thupi likukula. Ngati ndi inu, musasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Kambiranani ndi achipatala.

Chenjezo lina ndi ili: ngati mukuonda musakufuna, makamaka ngati mukutsokomola, mukutuluka thukuta usiku, kapena mukumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, musasangalale kuti thupi latsika. Pitani mukayezetse chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga.

Lembani zonse kwa masiku 7

Tsopano tengani kope ndi pensulo. Kwa sabata imodzi, lembani chilichonse chomwe mwagula cholowa m'kamwa, ndi mtengo wake. Musasiye ngakhale kanthu kakang'ono: mandasi a m'mawa, botolo la zoziziritsa kukhosi masana, tchipisi pa siteji, mowa kubaraka Loweruka. Ngati kulemba mawu kukukuvutani, jambulani chinthucho n'kulemba nambala pambali pake.

Sabata ikatha, phatikizani. Anthu ambiri amadabwa, chifukwa ndalama zing'onozing'ono sizioneka pochoka. Tiyeni tiyerekeze. Tinene kuti kwanuko botolo la zoziziritsa kukhosi ndi metikali 30, ndipo mumamwa limodzi tsiku lililonse. Pa masiku 30 ndi metikali 900. Pa miyezi 12 ndi metikali 10800. Ikani mtengo weniweni wa kwanu m'malo mwa 30, muwerengere nokha.

Ndalama imeneyo ndiyo bajeti yanu yochepetsera thupi. Inalipo kale, imangotuluka mobisala.

Mabowo anayi a m'thumba

Bowo loyamba ndi shuga. A OMS amalangiza kuti munthu wamkulu asapose magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo amati ndi bwino kwambiri kutsika mpaka masupuni 6. Botolo limodzi la theka la lita la zakumwa zotsekemera likhoza kukhala ndi masupuni 10 kapena kuposa. Zakumwa sizikhutitsa, choncho mumamwa shuga yenseyo kenako n'kudyanso nsima monga mwa masiku onse. Onaninso tiyi wanu. Masupuni 3 m'kapu, makapu awiri patsiku, ndi masupuni 180 pamwezi. Ameneyu ndi shuga woposa theka la kilo, munthu mmodzi yekha. Chotsani supuni imodzi sabata ino, ina pakapita masabata awiri. Lilime limazolowera. Thobwa ndi maheu nazonso musazidzaze shuga.

Bowo lachiwiri ndi mafuta ophikira. Mukayeza mafuta ndi ufa zolemera mofanana, mafutawo amapatsa thupi mphamvu zoposa kawiri za ufawo, ndipo mphamvu zomwe thupi silinagwiritse ntchito limazisunga pamimba. Musamathire mafuta mumphika kuchokera m'botolo. Yezani ndi supuni. Lembani mzere pa botolo tsiku lomwe mwagula, muone kuti likutha masiku angati. Nsomba ndi nyama mukhoza kuotcha kapena kuphika ndi tomato ndi anyezi m'malo mokazinga. Mbatata ya kachewere yophika ndi chakudya chabwino. Yomweyo ikasambira m'chiwaya cha tchipisi imanyamula mafuta ambiri.

Bowo lachitatu ndi mowa. Kaya ndi wa m'botolo, kaya masese, kaya kachasu, mowa umanenepetsa ndipo umakweza kuthamanga kwa magazi. Subweranso wokha: umaitana kanyenya ndi tchipisi, ndiponso umaitana anzanu oti muwagulire. Mukachepetsa ndi theka, onani ndalama yomwe itsale.

Bowo lachinayi ndi zakudya za m'mapaketi: mabisiketi, maswiti, soseji ndi timibulu tokometsera ndiwo. Zambiri mwa izi zili ndi shuga, mafuta kapena mchere wambiri. Mchere sunenepetsa, koma umakweza magazi. A OMS amati munthu asapose magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo mchere wa m'zakudya zogula. Apa kudziwa kuwerenga kukuthandizani. Pa paketi funani mawu awa a Chipwitikizi: açúcares ndi shuga, gordura ndi mafuta, sal kapena sódio ndi mchere. Nambala ikakhala yaikulu pambali pa mawuwo, bwezani paketiyo pa shelefu.

Kumene ndalamayo iyenera kupita

Gawo lalikulu la ndalama yomwe mwapulumutsa lipite kumsika, osati kufamasi. Dera lathu lili ndi mwayi. Ku Angónia ndi ku Tsangano kumachokera nyemba, soya, kabichi ndi tomato. Ku Cahora Bassa kumachokera kapenta ndi pende. Ku Lago Niassa kuli usipa ndi chambo, ndipo nyemba za ku Lichinga n'zodziwika m'dziko lonse. Zakudya zochepetsa thupi si za m'masitolo akuluakulu ayi. Ndi zomwezi.

Gulani masamba ambiri: nkhwani, chisoso, bonongwe, khwanya, kholowa, chigwada, therere, mpiru ndi kabichi. Amadzaza mimba popanda kunenepetsa. A OMS amalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, zomwe ndi ngati manja asanu odzaza. Nsinjiro ndi zabwino, koma mtedza uli ndi mafuta ake, choncho mukatendera musathirenso mafuta ophikira.

Gulani nyemba, nandolo, khobwe, soya, mazira ndi nsomba zing'onozing'ono. Izi zimamanga thupi ndipo zimakhalitsa m'mimba, njala sibwera msanga. Nyemba gulani zambiri nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi, muzisunge bwino. Nsomba zouma zothira mchere muzizinyika kaye m'madzi musanaphike.

Gulani zipatso za nyengo yake: mango nthawi ya mango, magwafa, mapapaya, nthochi, masau ndi malambe. Idyani chipatso chenicheni m'malo mogula madzi a zipatso a m'paketi.

Nanga nsima? Palibe akukuuzani kuti musiye nsima. Chofunika ndi kukula kwa mtanda ndi mtundu wa ufa. Mgaiwa umasunga gaga yemwe amachedwetsa njala, ndiponso chimanga sichiwonongeka chambiri kuchigayo ngati mmene zimakhalira pokonola. Yang'anani mbale yanu motere: theka likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, dzira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo likhale nsima, mpunga, mbatata kapena chinangwa. Ngati mumadya mitanda itatu, yambani ndi kutsikira pa iwiri n'kuwonjezera ndiwo zamasamba. Amene amalima tsiku lonse kapena kunyamula katundu amafunika chakudya chambiri kuposa amene amakhala pa benchi akugulitsa.

Ngati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba kapena dimba, ikani ndalama pang'ono pa mbewu za mpiru, repu ndi tomato. Mudzapeza ziwiri: ndiwo zosagula, ndi ntchito yotulutsa thukuta.

Nsapato zimaposa jimu

Thupi limafunanso kuyenda. A OMS amalangiza munthu wamkulu mphindi zosachepera 150 pasabata za ntchito yofulumizitsa mtima. Ndi mphindi 30 patsiku, masiku asanu. Kuyenda mwandawala, kupalasa njinga, kulima, kutunga madzi, kuvina, zonsezi zimawerengedwa. Muyezo wake ndi uwu: muzitha kulankhula, koma kuimba kuzikuvutani.

M'mizinda muli nyumba zochitiramo masewera olimbitsa thupi zolipira pamwezi. Si zoipa, koma si zoyamba pa bajeti yochepa. Chinthu chimodzi choyenera kugula ndi nsapato zokukwanani bwino, zofewa kunsi, ngakhale zapakaunjika. Munthu wolemera thupi akayenda mtunda ndi patapata, mapazi ndi mawondo zimapweteka, ndipo amasiya sabata yomweyo. Kwa odwala shuga nsapato ndi zofunika koposa, chifukwa chilonda cha kuphazi chimachedwa kupola.

Kuyenda kumabwezanso ndalama. Tsikani chapa siteji imodzi musanafike. Ulendo waufupi womwe mumakwera txopela kapena kabaza, yendani pansi. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize dzuwa limaotcha kwambiri, choncho yendani m'mamawa kapena madzulo, mutanyamula madzi akumwa. Pezani mnzanu woyenda naye. Tsiku lomwe ulesi wakugwirani, iye adzagogoda pakhomo.

Izi musaperekepo ndalama

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyi wambiri wotchedwa wochepetsa thupi amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Sikelo imatsika kwa masiku ochepa chifukwa mwataya madzi, osati mafuta. Mukamwa madzi, kulemera kumabwerera, koma ndalama sibwerera. Lamba womanga pamimba ndi zovala zotulutsa thukuta nazonso zimangochotsa madzi. Palibe mafuta opaka omwe amasungunula mimba.

Mapiritsi ogulitsidwa pamsika kapena pafoni ndi oopsa kwambiri. Mankhwala otchedwa sibutramine anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi kufa kwa ziwalo, koma akhala akupezeka atabisidwa m'zinthu zina zochepetsa thupi zolembedwa kuti n'zachilengedwe. Palinso jakisoni watsopano wochepetsa thupi yemwe mwina mwamva mbiri yake. Ameneyu amagwiradi ntchito, koma ndi wodula kwambiri, amafuna kalata ya dokotala, ndipo ambiri akasiya thupi limabwerera. Mu 2024 a OMS anachenjeza kuti kwapezeka jakisoni wachinyengo wa mtundu umenewu m'maiko ena. Musagule jakisoni kwa munthu wamba.

Monga nzika, muli ndi chitetezo. Lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, limakupatsani ufulu wodziwa zoona za chinthu chomwe mukugula ndiponso limaletsa kutsatsa malonda monyenga. Bungwe la ANARME ndi lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Mukaona wina akugulitsa mankhwala opanda dzina la wopanga, opanda tsiku lothera ntchito lomwe limalembedwa kuti validade, kapena akulonjeza kuti mutaya makilo 10 pa sabata imodzi, musagule. Dziwitsani achipatala, ndipo chenjezani anzanu.

Chitsanzo cha bajeti

Tiyerekeze kuti mwatseka mabowo aja ndipo mwapulumutsa metikali 1000 pamwezi. Mukhoza kuigawa chonchi:

Masamba, nyemba, nsomba, mazira ndi zipatso zowonjezera: 600
Kusungira nsapato: 150
Ulendo wa kuchipatala kukayezetsa: 100
Mbewu za kudimba: 50
Yosunga pambali: 100

Phatikizani muone ngati ikukwana 1000. Nsapato zikagulidwa, 150 ija ipite ku ndalama yosunga, kaya ku gulu la xitique, kaya pa M-Pesa kapena e-Mola. Ngati mwapulumutsa 500 yokha, gawani nambala iliyonse pakati. Manambalawa ndi chitsanzo chabe. Chofunika ndi dongosolo lake: kuyezetsa kaye, chakudya chabwino pambuyo pake, kenako nsapato.

Ndalama ya ndiwo muzigawe m'magawo anayi, sabata iliyonse gawo lake. Masamba sachedwa kufota, ndipo ndalama yonse ikakhala m'thumba limodzi imatha pofika pa 15. Musapite kumsika muli ndi njala, ndipo lembani zogula musanachoke pakhomo.

Nanga ngati mulibe choti n'kupulumutsa? Pali zambiri zaulere. Kumwa madzi m'malo mwa zotsekemera, kuchepetsa mtanda, kuthyola chisoso ndi bonongwe m'munda, kuyenda pansi, kudya pang'onopang'ono ndi kugona mokwanira, zonsezi sizifuna ndalama.

Kudekha ndi banja

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thupi lomwe linakula kwa zaka 10 silingatsike pa masiku 10. Kutsika ndi theka la kilo kapena kilo imodzi pasabata ndiwo muyezo wabwino, ndipo masabata ena sikelo siisuntha. Musadzilange ndi njala ya tsiku lonse, chifukwa madzulo mudzadya kawiri. Simukufunikanso kubwerera ku thupi la paunyamata kapena pautsikana wanu. Madokotala amati kutaya magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a kulemera kwanu kumathandiza kale shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa munthu wa makilo 90, amenewa ndi makilo 4 ndi theka mpaka 9.

Kambiranani ndi a m'nyumba mwanu, makamaka amene amagwira ndalama ndi amene amagwira mthiko. Simukufunika mphika wanuwanu: masamba ambiri, shuga wochepa ndi mafuta oyeza ndi zabwino kwa onse. Koma kuchepetsa mtanda ndi kwa inu nokha. Ana akukula, ndipo m'dziko lathu ana ambiri ndi opinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera. Dzira, nsomba ndi chipatso zikachepa, ana ndi amayi oyembekezera ayambe ndiwo.

Aneba akayamba kufunsa kuti, "Kodi mukudwala?" ayankheni mosabisa kuti, "Ayi, achipatala anandiyeza, ndikuchepetsa dala." Mwina mmodzi wa iwo adzakupemphani chingwe chija.

Ntchito ya m'kalasi sabata ino

1. Lembani m'kope zinthu zitatu zomwe mumagula kawirikawiri zomwe zili ndi shuga kapena mafuta ambiri. Lembani mtengo wa chilichonse.
2. Werengerani ndalama yomwe chimodzi mwa izo chimadya pa masiku 30.
3. Funsani kumsika kuti ndalama imeneyo ingagule nyemba zochuluka bwanji, kapena mipukutu ingati ya masamba.
4. Bweretsani paketi kapena botolo lopanda kanthu. Pamodzi ndi aphunzitsi, pezani mawu akuti açúcares, gordura, sal ndi validade.
5. Sankhani chinthu chimodzi chokha choti musinthe mwezi uno. Chilembeni ndi zilembo zazikulu, muike tsiku, ndipo mwezi ukatha muuze anzanu ndalama yomwe yatsala.